A Inácio ndi Chulu cha Akazi Awo

Mukafika ku Mualadzi n'kufunsa kwa a Inácio akalipentala, anthu akuyang'anani ngati mwasokera. Koma tanenani kuti mukufuna a Inácio achiswe, ngakhale mayi wogulitsa tomato pamsika akulozerani njira. Eni akewo dzinali sadana nalo. Amangoti, "Ine ndi chiswe tinadziwana kalekale," kenaka n'kulavulira malovu pambali.

Ndi bambo wamfupi, wa mikono yolimba, imvi zili mbuu. Ukalipentala anauphunzira ku Zambia, kumsasa wa othawa nkhondo, komwenso anakumana ndi a Quitéria pamzere wolandirira ufa. Maphunziro atatha anawapatsa bokosi la zida: sowo, hamala, matchizulo awiri ndi puleni yamtengo yosalazira matabwa. Mtendere utabwera anasenza bokosilo mpaka kumudzi kwa akazi awo, poti kwathu kuno mwamuna ndiye amatsata mkazi. Anapeza nyumba ya apongozi ili chiimire, chitseko chili m'malo mwake. A Inácio anachikankha mwaulemu, dzanja n'kungolowa mpaka pachigongono. Kunja kunali thabwa, mkati dothi lokhalokha. Udani wawo ndi chiswe unayamba tsiku limenelo.

Muwaone akamagwira ntchito. Sathamangira mankhwala ayi. Amayamba azungulira nyumba yonse akugogoda mafelemu ndi chala, khutu lili pathabwa, mwini nyumba akuwatsata m'mbuyo mtima uli m'mwamba. Akatero amakumba kangalande kutsata maziko. Amavala majumbo m'manja ndi kansalu kumphuno, n'kusungunula m'kheni mankhwala aja anthu akuno amangowatcha venenu. Amathira pang'onopang'ono, kukwirira, kupondaponda, kenaka n'kulamula kuti nkhuku zitsekeredwe masiku awiri. Mukawaitanira kudimba kuti mphutsi zikudula mbande za kabichi, venenu amamusiya kunyumba. Amabwera ndi phulusa ndi madzi onyikamo fodya. Ndipo konse kumene apita sachoka asanalalikire: venenu asayandikire chitsime, asayandikire chilichonse cholowa m'kamwa. Anthu amachita kuwatsirizira mawuwo okha. Mphunzitsi wina atawakakamiza kuti athire pafupi ndi chitsime chake, a Inácio anangonyamula kheni yawo n'kukwera njinga, osatsanzika n'komwe.

Chosekesa n'chakuti pakhomo pa mdani wa chiswe ameneyu m'pamene pali chulu chachikulu kuposa zonse m'mudzimo. Chili kuseri kwa khitchini, chotalika kuposa munthu, mtengo wa bwemba utamera pamwamba pake. Chuluchi ndi cha a Quitéria. Musaseke, chulu chimakhala ndi mwini. Anawasiyira ndi mayi awo, monga momwe anawasiyira munda, ndipo palibe amene angagwirepo ngumbi kapena kuzulapo bowa asanapemphe. Mvula ikagwa yokwanira, a Quitéria amachifunditsa udzu ndi masamba, n'kusiya kakhomo kamodzi, pamene amakwirirapo mphika kuti ngumbi zikamatuluka zizigweramo. Chaka chabwino amadzaza mabeseni atatu, n'kugawirako mudzi wonse.

Chaka ndi chaka mkangano unali womwewo.

"Amake Talandira, inu mukundiwetera adani pakhomo."

"Inu munabwera ndi bokosi, abambo ake Talandira. Chuluchi munachipeza."

Zikatero a Inácio ankangoseka, poti mkamwini anganenenso chiyani? M'malo mwake anakumba ngalande pakati pa chulu ndi nyumba, ndipo mwezi wa Okutobala uliwonse ankaifukula n'kuthiramo mankhwala atsopano. Ankaitcha Cassacatiza wawo, potengera chipata cha pamalire ndi Zambia, kuti chiswe sichiwoloka pamenepo popanda pasipoti. Ngumbi zikapsa, woyamba kusamba m'manja ankakhala iwo omwewo. Banja linayenda choncho zaka makumi atatu, ndipo linali banja lokoma.

Chaka chatha zinthu zinapindika. A Inácio anaitanidwa ku Chifunde kukakhoma denga la kapela, katchalitchi kakang'ono, ndipo poti kumeneko kunali zida zatsopano, bokosi lawo analisiya m'kashedi. Ntchito ya milungu iwiri inatenga mwezi ndi theka. Ngalande ija sinafukulidwe. Tsiku limene anabwerako anapeza pakhomo pali zii. A Quitéria anali ataperekeza Talandira kusikelo. Talandira ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, amene anabwera mochedwa anthu atayamba kale kunong'ona, ndipo tsopano anali ndi pakati poyamba, atabwerera kwa mayi ake kudzadikira.

A Inácio analowa m'kashedi n'kunyamula bokosi. Chivundikiro ndi mbali zinabwera, pansi pake panatsala. Zigwiriro za matchizulo kunalibe. Puleni ija, imene inasalaza zitseko za theka la mudzi, inali itasanduka chibuma cha dothi, mpeni wake wokha uli ng'aning'ani pakati. Bambo wamkulu anakhala pansi n'kulira ngati wafedwa. Kenaka misozi inauma, mtima n'kuyaka.

Anatenga chitsulo chokumbira, kulumpha ngalande yawo yomwe, n'kuboola chulu malo atatu. Anakhuthuliramo galafa yonse ya venenu, botolo lathunthu, osasungunula n'komwe, n'kumata mabowowo ndi dothi. Pomwe ankasamba m'manja ukali unali utapita kale. Chinatsala ndi mantha. Anadzitonthoza kuti chulu chifa, ngumbi sizituluka, akazi awo adandaula kuti chaka chavuta, nkhani n'kuthera pomwepo. Munthu wanzeru zake ndithu, koma tsiku limenelo anaganiza ngati mwana wobisa mbale yosweka.

Chulu cha zaka zosawerengeka sichifa ndi galafa imodzi. Mbali ina inauma, koma mbali ina chiswe chinapitiriza kumata ngati palibe chachitika. Disembala atafika mvula inagwa yamphamvu, ndipo Talandira inamugwira nkhuli. Nyama ayi, mazira ayi, akufuna ngumbi za pachulu cha amayi ake. A Quitéria anayamba kumweta udzu.

A Inácio anayesa izi ndi izi. Anati chaka chino ngumbi zikhala zowonda. Anati m'chulumo aonamo njoka. Anapha tambala wawo wamkulu popanda mlendo, kuti mwina nkhuli ya mwana ithere pamenepo. A Quitéria anadya nyamayo mokondwa n'kupitiriza kufunditsa chulu. Masiku amenewo bamboyo ankangotosa chakudya, ndipo akazi awo anafika powagulira mankhwala a malungo.

M'mawa wina, kutagwa mvula dzulo lake, a Quitéria anafuula ali kuchulu. Mphika unali tho. Anadzaza beseni loyamba, lachiwiri lomwe. Amayi atatu a kumphakati wa tchalitchi anabwera ndi malichero kudzathandiza kupeta mapiko, akuseka ndi kuyamika Mulungu. Moto unasonkhedwa panja, chiwaya n'kukhazikidwa. Talandira anayala mphasa pafupi, kambale kali pamiyendo, maso ali pachiwaya.

A Inácio anakhala pabenchi pakhonde, akunamizira kunola sowo. Anagwira njakata. Akakhala chete, mwina palibe chingachitike. Mwina venenu sanafike kumene kunali ngumbizo. Koma mwina anafika, ndipo woyamba kudya akhala mwana wawo mmodzi yekhayo ndi kamdzukulu kali m'mimba. Akalankhula, ndiye kuti a Quitéria adziwa kuti mwamuna amene amamukhulupirira anawathirira poizoni pa chuma cha mayi awo, n'kukhala chete miyezi iwiri. Adziwanso amayi atatu a kumphakati, ndipo amenewo akadziwa ndiye kuti Mualadzi yense wadziwa. Fungo la mafuta a ngumbi linafika pakhonde. A Quitéria anawazamo mchere. Talandira anatambasula kambale.

"Musadye!"

Mawuwo anatuluka mokweza kuposa momwe eni ake ankafunira. Malichero anaima.

"Amake Talandira, phulani chiwayacho. Ngumbizo sizodyedwa. M'chulumo ndinathiramo venenu."

Mayi mmodzi anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala zawo zija. Koma a Quitéria anawayang'ana amuna awo kumaso, n'kuphula chiwaya.

"Liti?"

"Tsiku lomwe ndinabwera ku Chifunde. Nditaona puleni."

"Inu amene mumatilalikira za chitsime?"

"Ine ndemwe."

"Ndiye ndimamweta udzu uja mukundiona? Ndimakugulirani mankhwala a malungo mukumwa?"

A Inácio ankayembekeza kuti akazi awo afuula, mwinanso kuwaponyera chikuni, ndipo zikanakhala bwino kutero. Koma a Quitéria anangolankhula motsitsa kuti, "Tengani khasu."

A Inácio anakumba dzenje lofika m'chiuno kumapeto kwa munda, kuti nkhuku ndi agalu asafukule. Anakhuthuliramo mabeseni onse awiri ndi za m'chiwaya zomwe. Mphika uja, umene unali wa mayi awo, a Quitéria anauswa okha n'kuponyamo mapale. Talandira ankalira chamumtima pamphasa. Amayi a kumphakati anatsanzika mwaulemu kwambiri, ndipo dzuwa lisanafike paliwombo nkhani inali itafika kale kumsika.

Masiku atatu otsatira anali owawa kuposa mkangano uliwonse. A Quitéria sanawamane chakudya, sanawanyoze. Ankawapatsa madzi osamba atagwada, kuwafunsa kuti "Mwadzuka bwanji, bambo?" ndi ulemu wonse umene munthu amapatsa mlendo wodutsa. Dzina la abambo ake Talandira linasowa. Nthabwala zinasowa. A Inácio anadula minga n'kutchinga chulu chonse kuti wina asadzazulepo bowa, koma akazi awo anangodutsa pamenepo osacheuka.

Tsiku lachinayi a Inácio anapopa njinga kusanache bwino. Pamsika pa Mualadzi ngumbi zinalipo, zodzaza mabeseni, koma anadutsa osaima. Kale akanagula mosaganiza. Tsopano ankadziwa kuti pa dziko pali amuna othira venenu m'zulu n'kukhala chete, ndipo sakanapatsa mwana wawo ngumbi za chulu chimene sakuchidziwa. Analunjika kwa a Arminda, akulu awo a a Quitéria, amene amakhala cha kumsewu waukulu wopita ku Cassacatiza. Njira inali matope okhaokha. Malo ena njinga ndiyo inakwera munthu.

Anafika dzuwa litapendeka, matope mpaka m'mawondo. A Arminda ndi mayi wa pakamwa, ndipo mlamu wawoyu amamuseka ngakhale pa tsiku labwino.

"Alamu, kwagwanji? Chiswe chakuthamangitsani?"

"Ndabwera kudzapempha ngumbi, alamu."

"Ngumbi? Inu a chulu chachikulu chija?"

Panalibe kuchitira mwina, anafotokoza zonse. A Arminda anaseka mpaka kutsokomola. Anaitana anzawo oyandikana nawo kuti adzamve okha, ndipo a Inácio anabwerezanso nkhaniyo kuyambira pa puleni, chipewa chili m'manja. Koma anthu atabalalika, mayiyo analowa m'nyumba n'kutulutsa kathumba ka ngumbi zouma, zonona, za pachulu chawo. Anakamanga okha pakaliyala ya njinga. "Mng'ono wanga uja akakhala chete ndiye kuti zamupweteka zedi," anatero. "Musakamuuze zambiri. Mukangopereka."

A Inácio anafika kwawo mawa lake madzulo. Anaika kathumbako pakhomo la khitchini n'kunena kuti, "Zachokera kwa a Arminda. Chulu chake ndachiona ndi maso anga." A Quitéria anamasula n'kununkhiza. A Inácio anapita kukakhala pabenchi pawo pakhonde, msana uli kukhitchini.

Anamva nkhuni zikuthyoledwa. Anamva chiwaya chikulira. Kenaka anamva Talandira akutafuna, akuuza mayi ake kuti awonjezere, ndipo mtima wawo unakhala pansi koyamba chichokere Okutobala. Anaganiza kuti zimenezo n'zokwanira, sangapemphenso china.

Mapazi anamveka kumbuyo kwawo. A Quitéria anaima pambali pa benchi ndi kambale ka ngumbi m'manja. Sanagwade.

"Chulu chija sitidzadyanso mpaka ine nditanena, kaya zipita zaka zingati," anatero. "Ndipo chimene munachita sindidzaiwala."

"Ndamva."

"Koma munanena nokha, pamaso pa anthu, mwana asanadye." Anawapatsa kambaleko. "Tasunthani uko, abambo ake Talandira. Benchiyi si yanu nokha."

A Inácio anasuntha.