Kansomba ka Zipsepse Zofiira

Mtsikana anaima m'chipinda cha mabotolo osungiramo nsomba, manja ali lende. Patebulo panali botolo lake. M'katimo munali kansomba kotuwa ngati phulusa.

"Kofiira kaja ndi kameneka?" anafunsa mayi wotsogolera gulu lofufuza nsomba za m'mitsinje.

"Dzulo kanali kofiira, mayi. Zipsepse zonse. Mzere wabuluu m'mbali."

"Unakajambula kali moyo?"

"Ayi, mayi."

Anzake anaphulika kuseka. "Maso anjala awa. Akuona tomato paliponse!" anatero mmodzi.

Kumsika ankamutchula Namamba. Makolo analibe. Mayeso anamukana. Anakula akupala mamba a nsomba za eni ake, zala zili zilonda zokhazokha. Ganyu yonyamula ndowa ndi maukonde m'gululi inali khomo loyamba kumutsegukira.

Dzulo lake anali atamutuma yekha kukhwawa la kuseri kwa tauni, kukatenga ukonde womwe anausiya. Khwawalo linali pafupi kuperekedwa kwa okumba mchenga, poti ofufuzawo sanapezemo chachilendo. Mu ukondemo anapezamo kansombako. Ndi chimwemwe anakaponya mu sipiriti monga ankaonera anzake. Sanadziwe kuti iwo amayamba ajambula. Sipiriti imasunga thupi, koma imadya mtundu.

"Popanda chithunzi ndilibe poyambira, mwanangu," anatero mayiyo. "Mvula ikangosiya, malole alowa m'khwawamo."

Ganyu inathera pomwepo. Namamba anabwerera ku mpeni wake.

Koma kansombako sikanamuchoke m'maso.

Anapita kwa mlamu wake, wodula magalasi a mawindo.

"Alamu, ndimatireni kabokosi kagalasi. Kopyapyala. Kosadontha."

"Mukufuna kumangira nsomba nyumba, inu eni ake mukugona pakhonde pathu?"

"Matani basi, alamu. Zonyozazo mudzamalize mawa."

Mlamuyo anamata, akupukusa mutu. Anamubwerekanso foni yosweka pakona.

M'mawa uliwonse, msika usanadzaze, Namamba ankalowa m'khwawa. Madzi a matope. Misundu kumiyendo. Ukonde wake unali nsalu yakale ya katani. Ankagwira nkhanu, achule, zinyalala. Makasitomala ena anamuthawa poti ankachedwa. Koma iye sanasiye.

Tsiku lina kansomba konga kaja kanalowa mu nsalu. Anakaika m'kabokosi. Anajambula. Chithunzi chinatuluka chotuwa. Kansombako kanali katafwifwa ndi mantha.

Anakhala pamwala, analira pang'ono. Kenako anaimbira mayi uja, manyazi atawaika pambali.

"Ndiphunzitseni, mayi. Ndikulakwitsa pati?"

"Ukadali m'khwawamo iwe?" anatero mayiyo. "Madzi akhale a pomwepo. Kaike pamthunzi. Usakagwedeze. Udikire."

Anatunga madzi a pomwepo. Anabisa kabokosi pansi pa chitsamba. Anadikira mpaka miyendo inachita dzanzi. Pang'onopang'ono zipsepse zinayamba kupsa. Mzere wabuluu unadzuka.

Anajambula. Kenako anakabwezera m'madzi, kali moyo, natumiza chithunzicho kwa mayi uja.

Mawa lake galimoto ya gululi inaima pakhwawa. Mayi uja anavula nsapato, analowa yekha m'madzi. Kansomba kena katalowa mu nsalu, anakayang'ana m'kabokosi nthawi yaitali.

"Aka sitinakaonepo m'mitsinje yonse ya kuno," anatero. "Pano sipakumbidwa."

Uja wa tomato anatola ndowa mwakachetechete. "Achemwali, ndikutungireni madzi ena?"

Malole anapita kwina. Khwawa linatsala.

Lero Namamba amayenda ndi gulu lakelake, mtsinje ndi mtsinje. Sukulu anabwererako ali wamkulu, ndipo ulendo uno mayeso anamulola. Kabokosi ka alamu kakadali m'chikwama mwake, guluu wake atachita chikasu. Namamba amauza aliyense watsopano chinthu chimodzi asananyowetse phazi: "Yamba wajambula. Ndipo ukaona kansomba katatuwa, usakataye. Kapatse mthunzi."

Mwina nawe watuwa lero. Anakuseka. Ntchito inakuthera m'manja chifukwa cha cholakwa chako, osati cha wina. Vomera. Funsa amene akudziwa. Mawa lowanso m'madzi, ngakhale ndi nsalu ya katani.

Mtundu wako sunathe. Usautaye mtimawo.