Fomu Sinafunse Saizi ya Phazi

Sajeni amasoka nsapato pakhonde la sitolo ya zitsulo, moyang'anana ndi depoti ya mabasi. Usilikali anausiya kalekale atamenya nkhondo ziwiri za eni ake, ina yolimbirana malire, ina mpaka lero sadziwa kuti ankalimbirana chiyani. Anabwerako ndi khutu limodzi logontha komanso lamulo lomwe ankauza aliyense womubweretsera nsapato: "Nkhondo imayamba ndi jombo. Akakufunsa saizi ya phazi, thawa, akufuna ukafere mgodi wa munthu wina."

Ndiye mwana wake wamkazi, mzime, atabwera ndi fomu ya ntchito ya kufakitale kunja kwa dziko, Sajeni anapukuta manja, navala magalasi, n'kuyendetsa chala mzere ndi mzere. Zaka, maphunziro, ngati maso amaona bwino, ngati zala sizinjenjemera. Za phazi panalibe.

"Bambo ake, dziko limenelo lili pankhondo," anatero mkazi wake.

"Unaionapo nkhondo iwe? Nkhondo ya atsikana ovala masilipasi?"

Anasaina.

Patatha miyezi isanu mwanayo anaimba foni masana, Sajeni ali ndi timisomali pakamwa.

"Ababa, ntchito yake ndi yomata mapiko a tindege topanda woyendetsa. N'tonyamula mabomba. Dzulo a mbali inayo atumiza tawo, nyumba yogona yoyandikana ndi yathu yapsa. Mapasipoti anatilanda."

"Akupatsani mfuti? Pothawira akuonetsani?"

"Ayi. Akuti ife si asilikali."

"Kuphazi mumavala chiyani?"

"Masilipasi, ababa."

Analavula timisomali tija. Iye akuluakulu anamugwiritsa ntchito ngati chikolopa, inde, koma anamuuza poyera kuti akupita kukafa, n'kumugulira ndi jombo zomwe. A masiku anowa ngakhale manyazi amenewo alibe. Kukangana akangana okha, batani adina ali pampando wofewa, koma womata guluu pansi pa denga lomwe adani akulisaka ndi mwana wa wosoka nsapato wa dziko lina, amene sadziwa n'komwe kuti mkangano unayamba bwanji.

Ofesi yomwe inapereka fomu ija tsopano amagulitsamo mafoni. Mkazi wake sanamunenepo kanthu, bola akanamutukwana. Pansi pa benchi pali jombo za saizi faifi zomwe Sajeni anasokera mwana wake uja, zosowa adiresi yozitumizako.

Tsiku lina kondakitala wina anabwera kudzatenga nsapato zake, akuseka. "Mdala, paja nkhondo imayamba ndi chiyani?"

Sajeni anabaya chisongole m'chikopa mpaka chinatulukira kuseri, osadzutsa mutu.

"Imayamba ndi bambo wodziwa zonse, atagwira cholembera. Tenga nsapato zako uzipita."