Malata Obiriwira a Achimwene

Achimwene anga atamanga nyumba pa boma la Chikwawa anafolera ndi malata obiriwira, ndipo anthu anayamba kulondolerana njira ndi denga lawolo: "Mukaona malata obiriwira, mukhotere kumanja." Eee, munthu anafufuma! Madzulo ankaima kutsidya kwa msewu, manja m'chiuno, kumaonerera nyumba yawo yomwe.

Kenaka tinakawatenga amayi ku Chapananga chifukwa cha matenda a shuga. Mankhwala awo obaya aja amafuna pozizira, pomwe mapolo a magetsi anali asanafike mbali imene kunali nyumbayo. Achimwene anagula sola ndi kafiliji. Mmisiri atabwera anati solayo ikhale kumaso kwa nyumba, mbali ya kumsewu, poti n'komwe dzuwa limaswera.

Apa m'pamene panatulukira akatswiri. Aneba athu, amene denga lawo n'lopsinjiza ndi njerwa ndi matayala akutha, anati, "Aa-aa, bambo, muipitsa nyumba. Zimaoneka ngati chigamba pa thalauza." Anzawo a pabawo anavomereza. Alamu anga nawo anati anthu aziyesa kuti pano n'potchajitsa mafoni.

Basi sola inakaikidwa kuseri, pansi pa mtengo wa nimu. Ku Chikwawa, abale, kumene dzuwa limaliza ndi mbuzi zomwe, ife tinakwanitsa kuipezera mthunzi!

Filiji inkalira m'mawa, pofika masana zii. Ndinati, "Achimwene, mankhwala a amayi akutentha." Iwo amvekere, "Iwe, za nyumba umazidziwa? Batire likuzolowera." Ndinapsa mtima.

Mu Okutobala amayi anayamba kufooka, madzi akumwa osaleka. Tsiku lina anagwa akusesa. Kuchipatala namwino anaunika kabotolo ka mankhwala kaja n'kufunsa komwe timasunga. Achimwene anangoyang'ana nsapato zawo. Masana omwewo anakwera okha padenga lotenthalo, thukuta kamukamu, kusamutsira sola kumaso. Akatswiri aja ankangoseweretsa nkhomo za bawo, palibe anadzutsa mutu.

Amayi atatulutsidwa, achimwene anachita hayala galimoto. Titafika pageti anathamanga kukawatsegulira chitseko, akuloza padenga. Amayi sanatsike, sanayang'anenso m'mwamba. Anangomugwira dalaivala paphewa.

"Tiyeni ku Chapananga, mwananga. Mankhwalawa ndikasunga mumtsuko wa mchenga wonyowa. Mtsuko suchita manyazi ndi anthu odutsa."