Nyundo pa Matoyileti Anga

Sukulu ndinalekezera Fomu 2 nditakangana ndi aphunzitsi. Ntchito ya ku Dubai anandipezera ndi achemwali anga, amene ankalera ana panyumba ina ku Bur Dubai. Anachonderera abwana awo mpaka anandilowetsa pa kafakitale ka matoyileti ndi masinki ku Ras Al Khor. "Ukali wakowo uusiye pa Chileka," anandichenjeza.

Kapitawo wathu Javed, bambo wa ku Pakistan, anandipatsa mfuti yopoperera glezi, mankhwala aja amawalitsa toyileti. Umaika toyileti yosawotcha patebulo lozungulira n'kupopera glezi woyera. Kenako umakhudza ndi kuseri kwa chala. Akasiya kumata koma asanaume, umapoperanso wina woonekera, wopyapyala, ndiye n'kulowetsa mu uvuni kamodzi kokha. Ukachedwa amang'aluka, ukafulumira amayenderera. Ndinawononga ambiri, koma chala chitazolowera Javed ankangoti, "Malawi, dzanja labwino."

Korona itavuta, ndege zitaima, tinamva kuti kampani ina yakunja yatisumira. Akuti kupopera kawiri kuja ndi nzeru yawo, anailembetsa, amati patenti. Ine ndinaseka. Zimene chala changa chikudziwa zikhale ndi mwini wake wina?

Mabwana anagonja, nagwirizana kuti katundu yense aphwanyidwe eni nzeruwo akuona. M'mawa wina kunabwera maloya awiri ovala masiki, kamera ili m'manja. Javed anandipatsira nyundo.

"Yalla, Malawi, yamba kuphwanya."

"Ndiphwanye ndekha? Apatseni a masutiwo!"

"Viza yako ndi ya fakitale ino," anatero motsitsa mawu.

Ndinaphwanya, thukuta likudzaza m'masiki. Chakumasana loya mmodzi anatola chiduswa, n'kuchisisita, n'kuuza mnzake kuti, "Ntchito yabwino iyi." Mutu unanditentha. Nyundo ndinaiponya pafupi ndi nsapato yake, simenti n'kuthetheka moto.

Madzulo Javed sanandikalipire n'komwe. "Khalas, ntchito yako yatha. Ngakhale ukanapanda kuponya. Tikubwerera ku njira yakale, ndipo ili ndi anthu ake. Iwe umangodziwa yoletsedwa."

Viza anaifafaniza, ndege yobwerera kwathu kunalibe. Ndinakadzipanikiza ku Naif, dera lina la mu Dubai momwemo, pa kabedi kosinthana ndi mnyamata wa ku Chipata. Achemwali ankayankha foni monong'ona, kuopa abwana awo.

Chimene ndinaphunzira n'chakuti usanapereke dzanja lako ku luso, funsa kuti lusolo n'la yani. Mpaka lero ndikalowa m'chimbudzi cha eni, ndimapezeka ndakhudza sinki ndi kuseri kwa chala.