Ine Ntchentche, Msuweni Wanga Nesi

Chaka chimene sukulu inakhala yaulere, ife a Sitandade 5 anatitulutsa m'kalasi. Matipate anali atangobwera kumene, ndipo ana amene kale ankangoweta mbuzi m'mapiri a ku Nsambe anatsika onse kudzalembetsa, ena ndevu zitayamba kale kumera. Chipinda chathu anapatsa ang'onoang'ono. Ife anatipatsa mthunzi wa mtengo wa mango, ndi bolodi lotsamira pa thunthu lake. Mabuku a sayansi analipo ochepa zedi, moti amene anakhala kumapeto ankangoona chikuto.

Ine sindinadandaule. Pansi pa mtengo kapena m'nyumba, nambala wani ndinali ine, ndipo ndinkadziwa chimene ndinkalimbikirira. Bambo anamwalira ndili wamng'ono, amayi n'kumandilera okha ndi tirigu ndi kachewere wa m'munda mwawo. Amayi anga sankaopa munthu, koma akaona nesi ankafewa. Tikapita kuchipatala ankayang'ana yunifolomu yoyera ija mpaka kuiwala chimene tabwerera. Pobwerera ankandiuza kuti, "Iwe ukadzavala zoyera zija, ine ndidzafa ndikuseka." Mawu amenewo ndinkagona nawo n'kudzuka nawo. Ndinkafuna amayi andione nditavala zoyera, basi.

M'kalasi momwemo munali msuweni wanga, mwana wa amalume, alongo awo a amayi, amene anali ndi golosale pamsika. Mtsikana wosalala khungu, wa mpata m'mano, wonunkhira sopo wa m'sitolo. Pa mayeso ankakhala kumchira, koma sizinkamukhudza, ankangoseka. Kwathu msuweni ndi munthu amene amakunyoza iwe n'kumaseka naye, ndipo ukakwiya wolakwa ndiwe. Iye mwambo umenewu ankaudziwa bwino kuposa masamu.

Aphunzitsi athu anali mmodzi wa amene boma linawalemba mothamanga chaka chimenecho, bambo wowonda wochokera ku Lisungwi, wosatha kukhala pansi. Titafika pa phunziro la matenda otsekula m'mimba, anayang'ana mabuku aja, anayang'ana khamu lathu, kenaka anaika choko m'thumba.

"Mabuku palibe," anatero. "Ndiye buku mukhala inuyo. Tipanga sewero, ndipo tsiku lotsekera sukulu makolo anu adzaliwerenga ndi maso."

Anayamba kugawa mbali. Wina anakhala bambo waulesi wokana kukumba chimbudzi, wina mayi wosavundikira ndiwo, wina mwana wodwala. Anyamata awiri ataliatali anauzidwa kuti akhala tchire. Panatsala mbali ziwiri, nesi ndi ntchentche. Ine ndinali nditakhala kale mowongoka, manja pamaondo, monga amakhalira anesi. Aphunzitsi analoza msuweni wanga nati ndiye nesi. Kenaka analoza ine.

Kalasi yonse inaseka, ndipo amene anaseka kwambiri ndi msuweni wanga. Mtima unandiwawa ngati ndameza tsabola. Ana atabalalika ndinatsalira, n'kugwada pafupi ndi bolodi.

"Aphunzitsi, kodi ndalakwa chiyani? Ine ndimakhala nambala wani, ndiye mundipatse ntchentche?"

"N'chifukwa chake ndakupatsa," anatero akufufuta bolodi. "Ntchentche ndiye phunziro lonse. Iyenera kudziwa kumene imabadwira, chimene imadya, ndi njira imene matenda amayenda. Nesi amangobwera kumapeto ndi mawu ochepa. Komanso diresi loyera uli nalo iwe?"

Ndinalibe. Msuweni wanga anali nalo, limene anabatizidwa nalo, la mabatani owala kumsana. Ndinaona kuti za phunziro zija zinali zongondinyengerera, nkhani inali diresi. Mpaka lero sindinasinthe maganizo kwenikweni.

Komabe kunena zoona, njira ya aphunzitsi aja inkagwira. Masana alionse tinkayeserera sewero, tikatha tinkakhala pansi iwo n'kumatifunsa. Ntchentche yachoka kuti? Yatera pati? Mwana wadwala chifukwa chiyani? Ana amene sankatsekula pakamwa chaka chonse anayamba kukweza manja, chifukwa yankho analiona likuthamanga patsogolo pawo. Ngakhale anyamata a tchire aja, amene ntchito yawo inali kungoima atanyamula nthambi, ankatha kufotokoza phunziro lonse. Ine ndinaloweza zonse: za timiyendo taubweya tomwe timanyamula uve, za mazira oikira m'zinyalala, za malovu amene ntchentche imalavulira pa chakudya isanadye. Ndinkazidziwa ngati dzina langa, ndipo ndinkadana nazo.

Msuweni wanga anali ndi mawu ochepa: sambani m'manja, vundikirani chakudya, kumbani chimbudzi, ndipo wodwala mum'patse madzi a mchere ndi shuga. Koma ngakhale amenewo ankawasokoneza. Tsiku lina anauza wodwala kuti asambe m'chimbudzi. Onse anaseka mokondwa, aphunzitsi omwe, ngati wanena chanzeru. Ine ndikanalakwitsa chomwecho bwenzi akundiuza kuti ndibwereze. Pobwerera kunyumba iye ankayenda pambuyo panga akukupiza dzanja pamphuno.

"Usandiyandikire, Ntchentche, ungandidetsere diresi."

"Diresi lake sunavale n'komwe."

"Ndikuyeserera, eti."

Kunyumba sindinanene mbali imene ndinapatsidwa. Amayi atafunsa ndinangoti sewero lake ndi la zachipatala. Nkhope yawo inawala, ndipo ine ndinatuluka kukatunga madzi ngakhale mtsuko unali wodzaza.

Tsiku lotsekera sukulu makolo anabwera ambiri kuposa kale. Amayi ena anavala zitenje za chipani ichi, ena za chipani icho, n'kukhala motalikirana ngati apongozi. Kale ana a sukulu tikaima pamaso pa akuluakulu kunali kuimba nyimbo zotamanda basi, choncho anthu sankadziwa kuti aona chiyani. Kuseri kwa kalasi anzanga anandipaka makala kumaso ndi m'manja. Mapiko anali a mapepala apulasitiki a shuga omangirira pa waya, ndipo maso anali makoko awiri a nachesi obooledwa pakati, omangidwa ndi luzi. Pambali panga msuweni wanga ankavala diresi lake. Amayi ake analisita ndi nsimbi ya makala mpaka linauma gwa. Kumutu anamuika kachipewa ka pepala loyera, m'khosi kachubu ka njinga. Anakongola. Ndinamuyang'ana kudzera m'makoko a nachesi, ndipo nsanje inandigwira.

Ndinalowa m'bwalo ndi mkwiyo wonsewo. Ndinalira ngati ntchentche yeniyeni, ndinazungulira tchire, ndinapukuta miyendo monga zimachitira, kenaka ndinathamangira pa mbale ya ndiwo ya mayi wosavundikira uja.

"Ine kwathu ndi kutchire kumene bambo awa amapita m'mawa," ndinatero mokweza. "Ndadya kumeneko, ndakhuta, koma m'manja sindisamba. Tsopano ndabwera kudzalawa ndiwo zanu. Musavutike kundiitana, ndimabwera ndekha."

Bwalo lonse linagwa ndi phwete. Azibambo ena anayang'ana pansi, akazi awo akuwagunda ndi zigongono. Mayi wina wogulitsa zitumbuwa anavundikira dengu lake msangamsanga nditamuyandikira. A zitenje zosiyana aja anaiwala zipani, anayamba kugwirana mapewa poseka. Ndinawafotokozera zonse zimene zinali m'buku lija, mwana n'kudya, n'kugwira pamimba, n'kugwa. Kwa kanthawi ndinaiwala kuti ndakwiya. Ndinayang'ana kumene kunali amayi, ndinawaona atagwira pakamwa, nkhope atakwinya ngati anunkhiza chowola.

Kenaka analowa nesi. Phokoso lonse linatha. Msuweni wanga anayenda pang'onopang'ono, diresi likuwala padzuwa, ndipo ndinamva mayi wina akunong'ona kuti, "Koma ndiye nesi weniweni." Anagwada pa wodwala, anaika kachubu pachifuwa pake, anatsekula pakamwa, mawu osatuluka. Anali ataiwala. Ine ndinali nditabisala kuseri kwa anyamata a tchire, pafupi naye. Sewero likanafera pomwepo, ndi ntchito yanga yonse. Ndinanong'ona kuti, "Madzi a mchere ndi shuga." Iye anadzutsa mutu, nanena mawu omwewo mokweza ndi modekha, ngati anabadwa nawo. Anthu anaomba m'manja.

Mapeto a sewero anali oti nesi aphe ntchentche. Anatenga tsache, anandithamangitsa kuzungulira bwalo, n'kundimenya nalo kumsana, mwamphamvu kuposa mmene tinkayeserera. Ndinagwa chagada, miyendo m'mwamba, ndinaphupha pang'ono, n'kuuma. Ndili chigonere m'fumbi ndinamva nthungululu. Mwana salephera kuzindikira nthungululu ya mayi ake. Anali amayi anga, ndipo anayambitsa ndi iwo. Anathamangira m'bwalo akuvina, anandidumpha ine wakufa, n'kukapukuta thukuta pankhope ya msuweni wanga ndi nsonga ya chitenje chawo. Manachesi amene ananyamula m'kathumba, amene ndinkaganiza kuti ndi anga, anawaika m'manja mwa nesi.

Pambuyo pake anawerenga zotsatira za mayeso. Sayansi tinakhoza pafupifupi tonse, ngakhale a tchire, ndipo ahedi anayamikira aphunzitsi athu pamaso pa makolo. Nambala wani ndinali ine. Amayi anaomba m'manja monga ankachitira chaka chilichonse, atakhala pansi.

Panjira yobwerera ndinayenda kutsogolo, makala akadali m'makutu. Potsiriza ndinalephera kupirira.

"Amayi, kodi ine munandiona?"

"Ndinakuona. Unandinyansa zedi, mpaka mtima unachita nseru. Koma mwana wa alongo anga uja, wamuona mmene zoyera zamukhalira? Ndipo mankhwala akuwadziwa."

"Mawu aja ndinamuuza ndine, amayi. Anali ataiwala."

"Iwe, nsanje si yabwino. Mwana wa mnzako ndi wako yemwe."

Kwathu dzina la m'bwalo silifufutika. Munthu akavina bwino kamodzi pa ukwati, kapena akagwa m'matope anthu akuona, adzaitanidwa ndi chimenecho mpaka imvi. Aphunzitsi aja, pokhala achilendo, mwina sanaganizeko zimenezi. Iwo anasamutsidwa chaka chotsatira, koma maina anatsala. Ine ndinakhala Ntchentche. Ndikamadutsa, ana ankavundikira mbale zawo akukuwa. Azibambo ena anakumbadi zimbudzi, ndipo ankati akumba kuopa Ntchentche. Amayi enieniwo ndikalowa m'khitchini ankavundikira ndiwo akuseka. Msuweni wanga anakhala Anesi. Mwana akatsekula m'mimba, amayi ake ankayamba apita kugolosale kukafunsa Anesi, iye n'kuwauza za mchere ndi shuga, mawu anga aja. Anawo ankachiradi, dzina lake n'kumakula. Ndikadandaula ankandikumbutsa kuti ndi msuweni wanga, ndiseke.

Iye sukulu anasiyira Sitandade 7, anakwatiwa, n'kuyamba kugulitsa tomato ndi manachesi pamsika. Ine ndinapitirira. Anthu amati ndinalimbikira chifukwa chokonda odwala, ndipo sindiwatsutsa, koma chimene chinkandidzutsa m'mamawa kukawerenga chinali diresi lija. Ndinamaliza sekondale, ndinapita ku maphunziro a unamwino, ndipo tsiku lina ndinavala yunifolomu yangayanga, yoyera, ya nsalu yeniyeni, chipewa chosakhala cha pepala.

Nthawi imeneyo amayi anali atayamba kudwaladwala. Nditamva kuti agonanso, ndinanyamuka kuntchito osasintha zovala. Ndinachita dala. Fumbi la msewu wa ku Neno ndinalitchinga ndi chitenje ulendo wonse, ndipo ndinachivula nditafika pakhomo. Ndinawapeza atagona pamphasa pakhonde. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, anagwira nsonga ya yunifolomu ndi zala ziwiri.

"Yayera bwino," anatero. "Usakhale pansi ungaidetse."

Ndinakhala pa kampando kamene kanali pomwepo. Ndinawayeza, ndinawafunsa mafunso, ndinatulutsa mankhwala amene ndinabweretsa, n'kuwaika m'dzanja lawo pamodzi ndi kapu ya madzi. Anawayang'ana mapiritsi aja nthawi yaitali. Kenaka anaitana mdzukulu wa oyandikana nawo amene ankasewera pabwalo.

"Thamanga kumsika, ukaitane Anesi. Adzaone mankhwalawa ndisanamwe."

Msuweni wanga anafika atabereka mwana kumbuyo, m'manja muli fungo la tomato, mpata wa m'mano uli pomwepo. Anagwada, analonjera azakhali ake, anatenga mapiritsi n'kuwatembenuzatembenuza ngati akusankha nyemba. Kenaka anasendera kwa ine, nkhope atayang'ana kwina.

"Iwe, amwe bwanji amenewa?" ananong'ona.

Ndinamunong'oneza. Iye anadzutsa mutu, nanena mawu omwewo mokweza ndi modekha. Amayi anagwedeza mutu, anaponya mapiritsi m'kamwa, n'kumwera madzi. Anapuma mokhutira, anamugwira msuweni wanga dzanja, kenaka anatembenukira kwa ine.

"Ntchentche, ukuona Anesi agwada pansi iwe uli pampando? Apatse mpandowo."

Ndinaimirira ndi zoyera zanga, n'kuwapatsa.