Masipika a Atate ndi Nyenje za mu Mango

Ndikukumbukira mwezi wa Okutobala wa chaka chimene ndinali mu giredi faifi, dzuwa likuswa mtengo, nyenje zikulira mu mango wa pakhomo pathu mpaka mutu kuwawa. Tinkakhala kuseri kwa msika wa Katete, m'nyumba yamalata ya zipinda ziwiri, ndipo khonde lake ndilo linali shopu ya atate, amene anali okonza mawailesi. Tsiku lina masana anaimirira pakhondepo n'kuyang'ana mango uja nthawi yaitali, kenako anati, "Mankhwala opopera thonjewa atha nyenje zonse. Kale nyengo ino sitinkamvana polankhula." Amayi anali pamphasa akusankha nyemba. Anangoti, "Zoonadi," osadzutsa mutu. Ine ndinatsegula pakamwa, amayi anandiponyera diso, ndipo ndinatseka.

Ine ndisanabadwe atate anagwira ntchito zaka zambiri pa chigayo ku Vubwi, tsiku lonse mutu uli pafupi ndi injini, ndipo makutu awo anawonongekera kumeneko pang'onopang'ono. Zolankhula ankamva ndithu. Galimoto ikamabwera patali ankaidziwa ndiwo ife tisanaimve. Chimene chinawathawa ndi mawu opyapyala, monga nyenje, anapiye ndi kulira kwa ketulo. M'nyumba monse tinkadziwa, kupatula eni akewo. Kwathu mwana sauza bambo ake kuti simukumva, ndipo amayi nawo ankaona kuti si nkhani yoti aiyambe iwo, poti ntchito ya atate inali ya makutu omwewo.

Kukonza mawailesi kunali kodyera chabe. Chimene atate ankachikonda ndi kupanga masipika a m'nyumba. Mabokosi ankakhometsa kwa kalipentala, a matabwa a mlombwa, ndipo mkati ankaikamo thonje la kumunda kwa achimwene awo kuti bokosi lisamalire ngati ng'oma. Bokosi lililonse linkakhala ndi sipika yaikulu m'munsi ndi kasipika kakang'ono m'mwamba, kotchedwa twita. Pakati pa ziwirizo pankakhala kathabwa kokhala ndi makoyilo a waya, makapasita ndi marezisita, kamene amisiri amati kolosova. Atate ankakafotokoza mwachigayo. Ankati kolosova ndi sefa: mawu aakulu amawatumiza ku sipika yaikulu, opyapyala ku twita, ndipo sefa ikalakwika ufa ndi misere zimasakanikirana.

Makoyilowo ankakulunga okha. Waya ankasolola m'matiransifoma akufa, n'kukulunga pa timitengo ta ulusi timene atelala a pamsika ankawasungira, milomo ikuyenda powerenga. Ukawalankhulitsa pa nthawi imeneyo ankamasula yense n'kuyambiranso, ndipo sankakulankhulanso tsiku lonse. Akamaliza ankadonthezerapo kandulo kuti waya asamasuke. Magetsi tinalibe, choncho chitsulo chowotcherera chinkatenthedwa pa mbaula, ndipo ampulifaya yokuzira mawu inkayendera batire ya galimoto. Fungo la mtovu wosungunuka losakanikirana ndi la makala limandibwezerabe pakhonde lija mpaka lero.

Mwezi umenewo atate ankapanga masipika awiri a mphunzitsi wina wa ku Sinda, a Sakala, munthu wokonda makwaya amene anali ndi makaseti odzaza sutikesi. A Sakala sanali munthu wosunga mawu m'kamwa. Chinthu chikawasangalatsa Sinda yense ankamva, chikawakhumudwitsa ankamvanso, mpaka m'minibasi. Anagwirizana kuti adzatenga masipikawo Loweruka m'mawa, ndipo atate anati amenewa adzakhala abwino kuposa onse amene anapangapo.

Vuto linayamba Lolemba, poyesa. Atate anaika kaseti ya kwaya, n'kuyandikitsa khutu ku twita, n'kupukusa mutu. Anati matwita a masiku ano ndi ofooka. Mu kolosova rezisita ndi imene imagwira twita kuti isakuwe kwambiri, tsono atate anachotsa ija anaika poyamba n'kuikapo yocheperako. Anamveranso, osakhutira, n'kuchepetsanso. Pofika Lachiwiri madzulo marezisita onse anali m'chitini, matwita akulandira mphamvu yonse. Azimayi a m'kwayamo akafika pa mawu okwera zinkakhala ngati wina akukanda sefuliya ndi mpeni. Mano ankachita kuyabwa.

Aliyense anapeza njira yake yosanenera. Amayi anatenga nsalu zoluka zija zoyala pa mipando n'kuphimba m'mwamba mwa mabokosi, ati fumbi lachuluka. Atate anayamikira ukhondo wawo. Mayi wogulitsa zitumbuwa amene ankakhala pafupi ndi khonde lathu anasamukira tsidya la msewu, ati kumeneko kuli mthunzi, chonsecho kunalibe ndi mtengo umodzi womwe. Galu wathu yekha ndiye ananena zoona, chifukwa kaseti ikangoyamba ankanyamuka n'kupita kuseri kwa chimbudzi.

Ine ndinali mwana wosapirira, ndipo mtima umenewo sunandichoke. Lachitatu masana atate atapita kukachajitsa batire, ndinalowetsa dzanja kumbuyo kwa mabokosi, poti anali asanatsekedwe, n'kugwedeza waya wopita ku twita mpaka anaduka pa mtovu. Ndinachita chimodzimodzi ku bokosi linalo, n'kubisa nsonga za mawayawo m'thonje. Sindinaganize za mawa. Ndinkangofuna kulemba homuweki yanga mutu usakuwawa.

Atate atabwera anaika kaseti ija, n'kukhala pa mpando wawo, n'kumvera nyimbo yonse. Ine ndinkadikira kuti aimirire. Sanaimirire. Anagwedeza mutu motsatira nyimbo, n'kunena kuti twita ikadali yofooka pang'ono koma munthu angathe kupirira. Pamenepo ndinachita mantha a mtundu wina. Ndinkadziwa kale kuti samva bwino, koma sindinkadziwa kuti sipika yathunthu ingasiye kulira iwo osazindikira. Amayi anachotsa nsalu zawo tsiku lomwelo osafunsa kanthu, ndipo galu anabwerera pakhonde.

Masiku awiri amenewo kunyumba kunali mtendere, koma nyimbo inkamveka ngati kwaya yatsekeredwa m'nkhokwe. Mawu a azimayi anali osamveka bwino, maseche osamveka n'komwe. Lachisanu ndikuchokera kusukulu ndinapeza atate atayala zomangira patebulo, akupaka guluu m'mphepete mwa matabwa otsekera kumbuyo. Bokosi la atate likatsekedwa silinkatsegulidwa mwachisawawa. Ndinaona zimene zikanachitika m'mawa mwake: a Sakala aika kaseti yawo, amva kuti matwita ndi akufa, anena pamaso pa anthu a pamsika, atate aumirira kuti akulira. Ndikanabwezera mawayawo mobisa, a Sakala akanamva kukanda kwa sefuliya kuja, atate n'kuumiriranso kuti zili bwino. Mulimonsemo atate akanadziwira kwa mlendo, pagulu.

Ndinaika mabuku pansi n'kugwada pafupi ndi mbaula. Mawondo ankapsa ndi simenti yotentha.

"Atate, musatseke. Matwita sakulira."

"Akulira, koma mofooka," anatero osandiyang'ana.

"Sakulira. Ndinadula mawaya Lachitatu."

Anaika pansi chitini cha guluu, n'kupisa dzanja m'thonje, n'kutulutsa waya wolendewera. Anapisanso m'bokosi linalo. Ndinadikira khofi, ndipo kunena zoona ndikanalilandira mokondwa, chifukwa likanamaliza nkhani. Iwo anangokhala akuyang'ana nsonga ya wayayo.

"Lachitatu," anatero. "Ndiye dzulo lonse ndimamvera chiyani?"

Anayatsa kaseti, n'kundipatsa waya uja m'manja, n'kutembenuza mpando wawo kuti andipatse msana. Anati ndizigunditsa waya pamalo pake n'kuchotsa, iwo akamva kusintha akweza dzanja. Ndinagunditsa, azimayi a kwaya anakuwa mpaka ndinatsinzina. Ndinachotsa. Ndinagunditsanso. Ndinkayang'ana dzanja lawo lili pa bondo, ndikupemphera kuti likwere. Linakwera kamodzi kokha, pa nthawi imene sindinachite chilichonse.

Nyimbo itatha anazimitsa. Pakhonde panatsala phokoso la mu mango, limene tsiku limenelo linali lalikulu kuposa masiku onse. Atate anayang'ana mtengowo, akadali chondipatsa msana.

"Esinati, nyenje zikulira?"

"Zikulira, atate."

"Chaka chino chokha?"

"Chaka chilichonse."

Amayi anali ataima pakhomo ndi beseni m'manja. Atate anawafunsa ngati nawonso ankadziwa, ndipo amayi anati, "Timaopa kukukhumudwitsani." Atate anafunsanso za nsalu zoluka zija, ngati zinalidi za fumbi. Amayi anaika beseni pansi. Atate anaseka pang'ono, kuseka kosatuluka bwino, n'kunyamuka kupita kuseri kwa nyumba. Anakhalako nthawi yaitali. Ine ndinalira pamenepo, osati chifukwa cha mantha, koma chifukwa ndinaona kuti ndawalanda chinthu chimene sindikanatha kubweza.

Atabwerako sanatchulenso za makutu. Anakoleza mbaula, n'kuika chitsulo pamoto, n'kundiuza kuti amene wadula ndiye alumikize. Aka kanali koyamba kugwira chitsulo chowotcherera, ndipo chipsera chake chikadali pa chala changa chachikulu. Kenako anakhuthula chitini cha marezisita patebulo, n'kundikhazika pa mpando wawo, pakati penipeni pa mabokosi awiriwo, pamene mwana aliyense ankaletsedwa kukhala. Iwo ankaika rezisita, ine ndinkamvera n'kunena. Poyamba ndinkayankha mwaulemu kuti zili bwino, mpaka anandikalipira.

"Iwe, sindikufuna ulemu manje. Ndikufuna khutu. Ikubaya kapena siikubaya?"

"Ikubaya."

"Eya, kamba tero."

Tinasintha kanayi. Pa kachisanu mawu a azimayi anatuluka oyera osabaya, maseche akumveka kumbuyo kwawo, abambo a besi ali pansi pamalo pawo. Ndinati apa ndi pomwepo. Atate anayang'ana mizere ya mitundu yosonyeza mphamvu pa rezisitayo, ndipo inali yofanana ndi ija anaika poyambirira Lolemba, asanayambe kukhulupirira makutu awo. Masamu awo anali olondola kuyambira pachiyambi. Anatseka mabokosi dzuwa lisanalowe.

A Sakala anafika Loweruka ndi makaseti atatu m'thumba la jekete, ngakhale kunali kotentha chotero. Anamvera maso ali chitsinzinire, anthu a pamsika ataunjikana m'mphepete mwa khonde. Atamaliza anawomba m'manja n'kuuza atate kuti, "A Mbewe, muli ndi makutu akuthwa imwe!" Amayi anayamba kukonzakonza chitenje chawo. Atate anandigwira paphewa n'kundikankhira kutsogolo. Anati, "Manja ndi anga, aticha. Makutu ndi awa. Anga anatsalira ku chigayo." Ananena mokweza, kuti a pamsika amve onse.

Kuyambira pamenepo palibe bokosi linatsekedwa ine ndisanakhale pa mpando uja, ndipo ntchitoyo ndinakula nayo mpaka inakhala yanga. Lero zambiri zasintha. Makoyilo amabwera okulungidwa kale kuchokera ku Lusaka, chitsulo ndi chamagetsi, ndipo foni yanga imajambula mzere wosonyeza pamene twita yakuwa kapena yafooka, chinthu chimene chikanawauza atate zoona popanda mwana kugwada. Anthu ambiri akukhutira ndi timasipika tapulasitiki tolumikiza ku foni, moti obwera kudzapangitsa kolosova ndi ochepa, ambiri a iwo ndi a imvi. Ana anga akaona kuti ndakweza wailesi amangoti, "Amayi, mwayamba kugontha," akudutsa, osaima n'komwe. Ndimawakalipira, koma mumtima ndimadziwa kuti amandipulumutsa ku nsalu zoluka.

Atate anabwerera kumudzi, kufupi ndi Mkaika. Tsopano ngakhale zolankhula amafuna uwayang'ane kumaso. Ndimapitako kawirikawiri, ndipo nyengo yotentha ikafika, tikakhala pansi pa mtengo, amaloza m'mwamba ndi ndodo yawo n'kufunsa, "Zayamba?" Adzukulu amathamangira kuyankha kuti eya, ngakhale asanamvere. Atate sawayang'ana. Amayang'ana ine, ndipo ine ndimayamba ndamvetsera kaye ndisanayankhe.