Mose ndi Mbuzi ya Mayi Yeshareg

Mkulu wa nyumba yoyang'anana ndi yathu kuno ku Debre Tabor anali mphunzitsi wa mbiri yakale. Ntchito anapuma kalekale, koma pakamwa pawo sipanaweruke. Akangomwa kapu yachiwiri ya khofi, Mose wa m'Baibulo ali m'madzi.

"Munthu angalembe bwanji za maliro ake omwe?" amatifunsa. "Baibulo lathu n'lonenepa, la Apente n'lowonda, la Ayuda lilibe ndi Mateyu yemwe. Ndiye la Mulungu ndi liti? Buku la kutchalitchi lija ndi chikopa cha mbuzi basi. Mbuziyo inamuona Mose?"

Ansembe akawaonera patali amakhotera njira ina.

Mwezi watha mbuzi ya Mayi Yeshareg, amasiye a m'dera lathu lino, inapezeka m'khola la mkuluyu. Iwo anakanitsitsa, ati anaigula kumsika. Akuluakulu anawatengera onse awiri kutchalitchi, wansembe wathu Abba Tekeste n'kutulutsa buku lopatulika lolembedwa pachikopa lija.

"Aphunzitsi, ikani dzanja apa mulumbire."

Mkulu uja manja kumbuyo.

"Abba, kodi analikopera ndani limeneli? Chaka chanji?"

"Inu lumbirani," anatero Mayi Yeshareg. "Si chikopa cha mbuzi basi?"

Mkuluyo anatembenukira kwa mayiwo. "Mayi, umboni woti ndi loona palibe. Komatu woti ndi labodza nawonso sunakwane."

Mbuzi inabwerera kwa mwini wake tsiku lomwelo, ndi chingwe chomwe. Masiku ano akayamba za Mose, wina amangoti "meee", iwo n'kutsamwidwa ndi khofi.